Thanki Yosadzaza pa Ngolo

Ndikukumbukira chaka chomwe chitsime cha pa esiteti ku Chamama chinauma mbande za fodya zikadali pa nazale. Ife tinali matenanti ochokera ku Dedza, ndipo kapitawo ananeneratu kuti amene nazale yake idzapse alongedze katundu. Bambo sankakhazikika. Ankazungulira mabedi, kukanda dothi ndi chala, n'kumayang'ana kumwamba ngati mitambo ndi abale awo.

Anabwereka ngolo ya esiteti ndi thanki yachitsulo yogona kuti tikatunge kudambo, ine n'kukwera kuti ndizigwira zidebe. Ng'ombe zinali zowonda, nthiti zili pamtunda, ndiye bambo, munthu wachisoni, analeka kuthira madzi atafika pakati. Mayi, omwe anatitsatira kudamboko, anawauza kuti adzazitse, kapena aponyemo nthambi zamasamba monga timachitira ndi chidebe cha pamutu. Bambo anaseka, ati ngolo ilibe khosi.

Titangonyamuka, thanki inayamba kulankhula: khavu, khavu. Tayala likagwa m'kadzenje, madzi onse ankathamangira mbali imodzi, n'kubwerera ndi ukali woposa. Thabwa lomwe ndinakhalapo linkandiponya uku ndi uku. Fumbi m'kamwa, fungo la dzimbiri m'mphuno. Ndinkaopa, koma mwana wamkazi angawauze chiyani bambo ake za ngolo?

Potuluka kudambo, ngolo inapendekeka pang'ono chabe, pamalo pomwe masiku onse inkadutsa itasenza mabelo. Madzi anasankha kumunsi, onse pamodzi. Ndinangozindikira ndili m'tsekera, tayala likuzungulira m'mwamba, goli litathyoka, mchenga ukumwa madzi athu.

Bambo anandinyamula n'kundipapasa manja ndi miyendo. "Usalire, mama, fodya amamera chaka chilichonse." Koma amene ankalira anali iwowo.

Kapitawo anatilanda ngolo. Nazale tinaithirira ndi mitu, ine, mayi ndi bambo omwe, masamba akuyandama m'zidebe, matenanti anzathu akuseka mwamuna wosenza madzi. Mbande zambiri zinapsa, koma zotsalazo zinakwana kuti tisachotsedwe.

Lero mwana wanga amagwira ntchito m'sitima yapamadzi. Akuti nakonso amaopa thanki yosadzaza kuposa yodzaza, poti imatha kugubuduza sitima yonse, ndiye amaigawa zipinda m'kati kuti madzi asamathamange. Ndinakawafotokozera bambo kumudzi, komwe tsopano amathirira dimba ndi pampu ya sola. Anasuzumira cha kukhitchini.

"Amayi ako asazimve zimenezi."