Lenzi ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe kadamsana anagwira dzuwa masanasana. Ndi chaka chomwechonso chomwe bambo anga anasiya kujambula zithunzi.

Bambo anali wojambula wa pa Nsaru. Maukwati, ubatizo, ana a Sitandade 8 ofuna kachithunzi ka mayeso, zonse zinkadutsa pa kamera yawo yakuda, yolemera ngati njerwa. Kamerayo inali ndi lenzi imodzi yokha, galasi lakutsogolo lija, yomwe ankachita kupotokola poimanga. Munda wathu unali waung'ono, moti kunena zoona pakhomo tinkadyera lenziyo. Ankaipukuta ndi kansalu kakekake, ndipo ife ana tinkangoionera patali.

Ine ndinali mtsikana wonyadira manja ake. Bawuti ya njinga ikakhwepa, woitanidwa ndinali ine. "Nabanda akamanga, womasula amatuluka thukuta," amayi ankatero, ine n'kumamva kukoma. Kwathu chinthu chikakana kulowa sitifunsa chifukwa chake, timangowonjezera mphamvu.

Aphunzitsi athu a sayansi, a Mwale, anali atalandira kamera yojambulira nyenyezi kuchokera kwa mnzawo amene ankaphunzira kunja. Kanali kachinthu kofiira ngati kachitini ka nsomba, kopanda lenzi, kopanda posuzumira, kokhala ndi chingwe chopita ku kompyuta. Kanabwera ndi mphete ziwiri zachitsulo zolumikizira lenzi ya kamera wamba. A Mwale ndi bambo onse anali akulu a mpingo, ndipo Lamulungu ankakhala pa benchi limodzi. Tsiku la kadamsana litayandikira, a Mwale anabwera kwathu.

"Achimwene, mundibwereke diso lanu kwa ola limodzi lokha. Ana aone dzuwa likudyedwa popanda kuwononga maso."

Loweruka lake bambo anali ndi ukwati ku Kabudula.

"Ola limodzi, eti?"

Anakulunga lenziyo m'kansalu kaja n'kundipatsa ine kuti ndikapereke m'manja mwa aphunzitsi.

Tsikulo bwalo la sukulu linadzaza, ana, makolo, ngakhale amwenye a sitolo ndi ogulitsa mandasi. Kunali kamphepo kozizira konunkha mapesi otenthedwa. A Mwale ankalimbana ndi mawaya a batire ya galimoto yomwe inkayatsa kompyuta.

"Usakhudze kanthu, ndibwera ndimange ndekha," anandiuza. "Mphetezi zikuoneka zofanana, koma mazinga ake ndi osiyana. Imodzi yokha ndi imene ikugwirizana ndi lenzi ya bambo ako."

Ndinamva ndithu. Koma anzanga anali atandizungulira, ndipo mumtima ndinati mphete ndi mphete basi. Ndinatola imodzi, ndinaimanga pa kachitini kaja, kenako ndinatenga lenzi. Inazungulira kamodzi bwinobwino, kawiri bwinobwino, kachitatu inakana. Ndinakulunga dzanja ndi m'mphepete mwa yunifolomu n'kupotokola ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva kukukutika ngati mchenga m'mano. Pa zala panga panatsala tifumbi tonyezimira, ndipo ndinatipukutira kumbuyo kwa diresi.

A Mwale atabwera anaona lenzi itapendekeka pang'ono. Anayang'ana mphete yotsala pa tebulo, anandiyang'ana ine. Nthawi inali itakwana. Anaphimba kutsogolo kwa lenzi ndi pepala lakuda loteteza, analozetsa kumwamba, ndipo pa kompyuta panaoneka dzuwa lolumidwa mbali imodzi. Kunja kunachita chizimezime, nkhuku zinayamba kulowera kukhola, anthu anafuula. Ine ndekha m'bwalo lonselo sindinaone kadamsana, maso anga anali pa mpheteyo.

Anthu atabalalika, lenzi inakana kuchoka. Bambo anafika akukankha njinga. Anayesa ndi manja, anayesa kukulunga mphira ya chubu, anadonthezera parafini, koma ayi ndithu. Pomaliza anapita nayo kwa wokonza njinga, amene anapana mpheteyo ndi chitsulo. Inachoka, koma inachoka ndi mazinga a lenzi, ndipo galasi lam'kati linang'aluka. Bambo anaiyesa pa kamera yawo, inkangozungulira osagwira. Anatembenukira kwa ine ndi a Mwale, amene tinali titawatsatira.

"Anamanga ndani?"

Ndisanapeze mawu, a Mwale anayankha.

"Ndine, achimwene. Ndinasokoneza mphete."

"Munthu wophunzira ngati inu? Mwandithyola miyendo, aphunzitsi. Ana anga adya chiyani?"

A Mwale anazungulira m'tauni masiku atatu kufunafuna lenzi yotero, koma kamera za mtundu umenewo zinali zitatha kale m'masitolo. Ukwati wa ku Kabudula anajambula munthu wina, ndipo makasitomala anatsatira komweko. Mvula isanagwe, bambo anakwera lole kupita kukakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Anabwerako patatha zaka ziwiri, ataonda, akutsokomola chifuwa chosamva mankhwala.

Mpaka tsiku lomaliza sanapatsenso moni a Mwale. Kutchalitchi anasamukira benchi lakumbuyo. Mipata yowauza zoona ndinali nayo yambirimbiri, chifukwa ndine ndinkawapatsa phala akudwala. Tsiku lina anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, anthu a sukuluwa usamawakhulupirire. Amaseweretsa moyo wa anzawo." Ine ndinayankha kuti, "Ndamva, bambo." Ndinkaopa kuti andiyang'ana monga ankayang'anira a Mwale.

Pa maliro awo a Mwale anabwera ndi thumba la ufa la chipepeso pa njinga. Amalume anawabweza nalo pamaso pa anthu onse, ati wakufayo sakanalandira. A Mwale anamanganso thumbalo pa njinga. Podutsa pomwe ndinakhala anaima pang'ono nati, "Pepa, Nabanda. Sukulu usasiye." Chaka chotsatira anawasamutsira kwina, ndipo sindinawaonenso.

Amayi ndinawauza zoona zake ndili kale ndi ana anga awiri. Tinali pakhonde tikusenda nthochi. Anasiya mpeni.

"Ukanawauza eni ake," anatero. "Akanakukwapula tsiku limenelo, Lamulungu n'kukakhala pa benchi limodzi ndi mnzawo."

Lero ndikudziwa kuti kuwononga lenzi kunali kulakwa kwa mwana, ndipo ndodo ikanakonza. Kukhala chete zaka zitatu ndiye tchimo langa lenileni. Bambo anga anaikidwa m'manda akudana ndi munthu amene anangotchinjiriza mwana wawo, ndipo kumene aliko sindingathe kukawauza.