Tsiku Limene Galimoto ya Achimwene Inakana Kupita Kumanda

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi mphasa. Kudzukako n'kongonena, chifukwa tulo sindinaone. M'nyumba ya siwa amayi akumpingo anali akuimbabe, koma mawu anali atasasa, nyimbo ikungokwawa. Bokosi la achimwene anga linali pakati pa balaza, ndipo kumutu kwake kunakhala alamu anga a Nabanda, mkazi wawo, atafunda chitenje mpaka kumphuno. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna ndione ngati misoziyo inali yeniyeni.

Ndisabise, ine ndinkawakayikira, ndipo nkhani yake inali pa galimoto.

Achimwene anakhalitsa ku Joni. Pobwerako anabwera ndi galimoto yakale yaikulu, ya mtundu uja amayendera alangizi a zaulimi, yaitali miyendo, yowoloka mtsinje osayamba yafunsa. Mudzi wathu uli kumunsi kwa Kandeu, mbali yolowera ku Kasinje, ndipo msewu wake ndi wa ngolo. Galimotoyo inali ngati anapangira kwathu. Koma achimwene anabwera ndi nthenda ya ku Joni. Ankati kumeneko galimoto yaulemu ndi yoyenda chokwawa, mimba ili pafupi ndi phula. Chilimwe chathachi anaibweretsa kwa makaniki wina ku Lizulu, kumene ine ndinakwatiwa ndipo ndimagulitsa kabichi ndi mbatatesi. Ndinaona ndi maso angawa. Masipuling'i akutsogolo anawadula ndi galayinda, makina aja odulira zitsulo, kumbuyo anachotsako zitsulo zina pa mulu uja umanyamula katundu, mashoko anaikapo aafupi, matayala n'kuvekamo opyapyala a marimu onyezimira. Inatuluka m'galajamo ili chinjutire ngati nkhuku yofungatira mazira. Ndinawaseka kuti achimwene mwaidula miyendo, iwo n'kundiyankha kuti iwe umadziwa za kabichi basi. Kwa ine zinali ngati kupinda buluku. Injini inali yomweyo, ndiye mphamvu zikanapita kuti?

Lachiwiri madzulo achimwene anagwa pakhonde atangomaliza kudya, mbali imodzi itauma. Alamu ndi mlongo wawo, bambo amene amayendetsa lole yonyamula mpunga, anawakweza m'galimotomo kuthamangira kuchipatala. Anakafika munthu atatsirizika kale. Ankati galimoto inakakamira panjira kawiri konse, moti anachita kukumba pansi pake ndi makasu obwereka. Zimenezi sizinandilowe m'mutu. Galimoto imene inkakoka anzake m'matope, ikakamire tsiku lomwe mwini wake ali kayakaya, woyendetsa ali mlongo wa mkazi? Ndinati apa pali nkhani.

Sindinali ndekha. Azakhali athu anali atanena kale kuseri kwa nkhokwe kuti maliro akangoikidwa, mkazi ameneyu abwerere kwawo kuchigwa akalime mpunga, ana atsale, poti anabwera pa chitengwa ndipo malowolo anapita. Mwa ana a mayi athu wamkulu wotsala ndi ine, choncho ankangodikira mawu anga. Mawuwo anali kale kumlomo.

Nditatuluka panja ndinapeza mvula yausiku ikungowaza pang'ono. Amuna anali unjiunji pa moto pansi pa lona, ena atagona chokhala pa mabenchi a kutchalitchi. Kuseri amayi anali akukoleza moto pa mafuwa, nkhuni zonyowa zikufuka utsi wokhetsa misozi ngakhale kwa amene analibe chisoni. Kabichi amene ndinabwera naye anali akudulidwa m'beseni lalikulu. Abale a alamu anafika ndi matumba a mpunga pa njinga, ndipo ndinaonetsetsa mphika umene mpungawo unalowa komanso amene ankautakasa. Ndinaona kuti amayi ena akwathu nawonso ankaonetsetsa zomwezo.

Dzuwa silinatuluke tsikulo, kunangoyera. Anthu anayamba kufika m'magulumagulu, a ku Kandeu pa njinga zamoto, akuchigwa wapansi nsapato zili m'manja, anzanga a pamsika pa lole ya mbatatesi. Amayi ankayambira kulira pa mtengo wa mango wapanjira, n'kudzalowa m'nyumba chogwada. Panabweranso madoda atatu okalamba amene anagwirako ntchito kumigodi pamodzi ndi malemu bambo athu. Mmodzi anatenga chishango chake chothethekathetheka, n'kuponda pansi pang'onopang'ono kutsogolo kwa khomo, akuimba mawu aja a Chingoni amene tonse timawadziwa koma palibe angawamasulire. Aliyense wodutsa ankaima pa galimoto ija, imene inali pambali pa khola, n'kuiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kunyumba.

Nkhani ya kanyamulidwe ka bokosi itafika, ine ndinati achimwene apite pa galimoto yawo. Manda athu ali kutsidya kwa dambo, ndipo munthu amene anaikonda chotere asapite pa mapewa ngati analibe chake. Mlongo wa alamu uja anayandikira, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pepani, galimoto iyi kumanda siikafika. Njira ija pakati panatukuka, ndiye ndi mvulayi."

"Mukuisungira ndani?" ndinafunsa.

Anangotenga kiyi n'kupita kukachotsa mipando yakumbuyo. Kukhala chete kumeneko ndinakuwerenga ngati kuvomera mlandu.

Mwambo unayenda monga umayendera. Oimira banja analankhula, akumpingo analalikira, nyimbo zinaimbidwa. Wolankhulira mbali yathu ananena kuti imfa iyi yatidzidzimutsa, ndipo mawu oti yatidzidzimutsa anawabwereza katatu, maso ali kwa anthu akuchigwa. Alamu sanadzutse mutu. Kufatsa kwawo kunkandinyansa kwambiri tsiku limenelo. Mumtima ndinkati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Adzukulu, anthu okumba manda aja, analowetsa bokosi kumbuyo, chitseko chakumbuyo n'kuchisiya chotsegula poti silinakwane lonse. M'mbali mwa bokosi munapanikizana azakhali, amayi awiri akumpingo, ndipo alamu anakhala kumapeto kwenikweni, miyendo ili lendelende kunja. Ine ndinayenda pansi kumbuyo kwake, kuti ndiziona zonse. Amayi onyamula nkhata anali patsogolo, khamu lonse pambuyo, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono ngati galimotoyo.

Tinadutsa chigayo bwinobwino. Titayamba kutsetserekera kudambo, pamene matayala a ngolo anakumba mikwasa iwiri n'kusiya msana pakati, panamveka kukhulika pansi, khwee, galimoto n'kuima. Injini inabangula, matayala anazungulira pamodzimodzi akumwaza matope pa zitenje zathu, koma osasuntha. Nyimbo inaduka.

Aliyense wa kwathu kuno amadziwa chimene anthu amaganiza maliro akaima panjira. Amati womwalira akukana kupita, ali ndi mawu ndi wina. Palibe ananena mokweza, koma manong'onong'o anayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako azakhali anatulutsa mutu pawindo.

"Atsike mkaziyo tione."

Alamu anatsika. Anaima m'matope, chitenje chili kukamwa. Adzukulu anagwira kumbuyo n'kukankha, ndipo galimoto inanyamuka n'kuyenda.

Phokoso limene linatuluka m'khamumo sindidzaliiwala. Sikunali kulira, kunali kuja amachita anthu akaona chimene ankachiyembekezera. Mayi wina anaomba m'manja kamodzi. Anthu amene anali pafupi ndi alamu anafutuka, n'kuwasiya okha pakati pa njira. Abale awo akuchigwa anaunjikana pamodzi, ndipo ndinaona anyamata ena akwathu akuyang'ana pansi ngati ofunafuna miyala. Ine, kunena zoona, mumtima mwanga munali kukondwa. Ndinati achimwene alankhula okha.

Koma ndinafuna kuti pasatsale potsutsira, kuti mawa akuchigwa asadzati zinangochitika. Ndinakuwa kuti galimoto iime. Ndinapita kumbuyo kuja, n'kukhala pamalo penipeni pamene panali alamu, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Tiyeni. Ine ndi magazi awo, tione ngati andikane."

Amene amandidziwa akudziwa kuti ine si munthu wochepa thupi. Pamsika thumba la mbatatesi ndimalitsitsa ndekha. Nditangokhala ndinamva galimoto ikutsikira pansi, zitsulo zikugundana kunsi kwanga, gu. Tinayenda kamtunda kosakwana kuchoka pakhomo kufika pankhokwe. Kenako kunamveka khwee wamkulu kuposa woyamba uja, china chake chinathyoka, ndipo tinaima nji. Adzukulu anakankha mpaka misempha kutuluka m'khosi, koma ayi ndithu. Paipi ya utsi inali itatsala kumbuyo, ili gone m'matope.

Ndinkamva maso a mudzi wonse ali pa ine. Mdzukulu wina, poti iwo pamaliro saopa kunena, anapukuta thukuta n'kuti, "Aa, ndiye kuti anapha ndi awiri." Ena anaseka mobisa, ena sanaseke.

Ndinatsika n'kugwada m'matopemo kusuzumira pansi. Mimba yonse ya galimoto inali itakhala pa msana wa njira ngati mphika pa mafuwa, matayala akumbuyo akungokhudza pansi pang'ono. Zitsulo zakunsi zinali zokalikakalika, ndipo m'mipata munali dothi lofiira louma kale. Kudambo kwathu dothi ndi lakuda. Lofiira lili kunjira yakuchipatala. Panalinso zipsera zatsopano za khasu pa chitsulo china, pamene munthu ankakumba mothamanga osaona pomenya.

Ndinadzuka ndili matope mpaka m'mawondo. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze, ndipo pamwamba pake panabwera mkwiyo, wokwiyira achimwene ali m'bokosi. Munthu wamkulu, wa ana atatu, kudula miyendo galimoto imene inali yoti idzamuthamangitsire kuchipatala, chifukwa chofuna kuoneka ngati anyamata a ku Joni! Ndinalira pamenepo koyamba tsiku limenelo, kulira kwenikweni. Nditapeza mawu ndinauza adzukulu kuti anyamule pa mapewa, galimotoyi ndi yolumala, singanyamule munthu wamoyo kapena wakufa. Ndinanena mokweza. Kenako ndinabwerera m'mbuyo, n'kukagwira alamu padzanja. Dzanjalo linali lozizira, ndipo silinandigwirenso.

Tinawoloka dambo wapansi, madzi akulowa m'nsapato, bokosi likusinthana mapewa. Nyimbo inayambiranso koma mozengereza. Kumanda zonse zinayenda mwamsanga chifukwa mitambo inali itadanso. Poika nkhata anaitana mkazi wa malemu, ndipo ndinapita nawo limodzi mpaka pamtumbira. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti awiriwa agwirizana liti. Ndinadziwa kuti nkhani ya lero ikafika ku Lizulu ine ndisanafike, ndipo ikafika ndi dzina langa m'kati. Mlongo wa alamu sanafike nawo kumanda. Anatsala pa galimoto paja, akufukula pansi pake ndi khasu.

Pobwera anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika mvula isanagwe. Mpunga uja unatha wonse. Azakhali anandikokera kuseri n'kufunsa kuti tsono mawu ako ndi otani. Ndinati palibe akuchoka pakhomo pano, nyumbayi ndi ya ana ndi mayi awo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope a m'miyendo, n'kunena kuti galimoto inayamba yakana iyeyu isanakane iwe. Sindinalimbane nawo. Anthu ena ngakhale uwagwaditse pansi pa galimoto saona kanthu, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo ine ndinali mmodzi wa iwo.

Pofika madzulo pakhomo panatsala phulusa la pa mafuwa ndi mabenchi osanjikizana. Lona anali atamasula. Mipando ya pabalaza inali ikadali panja pansi pa khonde, moti m'nyumba munkamveka ngati mopanda anthu. Amayi awiri otsala kudzagona nafe anapita kukatunga madzi. Ana akuluakulu awiri anali kuchipinda, wamng'ono atagona pamiyendo pa mayi ake. Ine ndinakhala pamphasa moyang'anana nawo, ndikusowa poyambira. Ndinkafuna kunena za dothi lofiira lija, kuti ndaona, ndamvetsa. Anayamba ndi iwo, mawu ali pansipansi, osandiyang'ana.

"Alamu, paja munakwera kuti mundiombole?"

Bodza linali pafupi, koma linandikanika. "Ayi."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa chimene ankachidziwa kale. Anakonza kansalu pamutu pa mwana uja.

"Nanga ikanayenda inu muli momwemo, bwenzi ine ndikugona kuti lero?"

Mvula inayamba kugwa pa malata. Sanadikire yankho. Ananyamula mwana wawo n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinamva akukhoma chitseko.