Nyumba ya malaiti ya bambo a Tisa

Loweruka pa 14 Juni 1997 ndinadzuka 4 koloko m'mawa, ngati kunali kudzuka, pakuti ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la amuna anga. Kunali chisanu choluma. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo panja abambo ankakankhira zitsa pamoto. Mwana wanga Tisa anali mtulo pamiyendo panga.

Bambo a Tisa ankakhala ku Lusaka, ine kuno ku Chinyunyu kwa apongozi. Akabwera ankatigulira sopo ndi shuga, n'kumatiuza kuti ali ndi nyumba ya malaiti, koma tidikire ikonzedwe. Alamu anga aakulu atapita kukatenga thupi kuchipatala, nyumbayo anaifuna osaipeza. Iwo anati ndikubisa ndine.

Kutangocha alamuwo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mulamu, makiyi a ku Lusaka atuluke lero. Mukapitiriza kubisa, mwana atsala kuno, inu mubwerere kwanu ndi chitenje chokha."

Ndinangoyang'ana pansi n'kumangitsa Tisa kumbuyo.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, a ku Mpanshya panjinga, amayi atasenza nkhuni ndi ufa. Mphepo inkabweza utsi m'maso mwa ophika. Kenako kumsewu kunaima minibasi. Munatuluka abambo angapo ovala zong'ambika, ndi mmodzi wa jekete yachikopa ndi magalasi akuda. Anyamata anayamba kunong'onezana kuti ndi woimba nyimbo ija.

Nyimboyo aliyense ankaidziwa. Inkalira m'maminibasi ndi m'maukwati, anthu n'kumavina mpaka fumbi koboo. Inkanena za mwamuna wogona pamsika amene amauza mkazi wake kuti, "Nili na nyumba ya malaiti, usabwere, nikali kupenta." Ine ndinkaimbira Tisa pomugoneka. Ndinadabwa kuti munthu wotere wadzatani pamaliro athu.

Tinanyamuka kupita kumanda masana. Bokosi litatsitsidwa, mkulu wa mpingo anati, monga mwa mwambo, amene ankakhala ndi malemu afotokoze mmene anadwalira. Alamu anandiyang'ana. Pamenepo mdala wina mwa alendo aja anabwera kutsogolo, thumba la ufa lili m'khwapa.

"Ife tinali kugona na ba Chinyunyu, malemu aba, pansi pa matebulo pamsika. Masana anali kunyamula katundu wa anthu pa wilibala. Mphepo ya chaka chino ndiye yawatenga. Zawo ni izi."

Anakhuthulira pansi. Munali bulangeti, kapu, kadiresi katsopano ka mwana, ndi mapatapata omanga ndi waya.

"Nanga nyumba?" anafunsa alamu.

"Nyumba ni ija ya mu nyimbo, abwana."

Woimba uja anavula magalasi. Anati mawu onse a nyimboyo anawamva kwa amuna anga usiku wina akuwotha moto wa makatoni. Pojambula vidiyo amuna angawo anamupempha kuti aonetse mapazi awo okha, kuopa kuti mkazi wawo angaone.

Vidiyoyo ndinali nditaiona. Tsiku lina ndikuchokera kusikelo ya mwana ku Rufunsa ndinaima pakhomo pa sitolo ina imene inali ndi TV. Anaonetsa mapazi atatulukira pansi pa tebulo, ali ndi mapatapata a waya, pambali atsikana akuvina. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Mapazi amene ndinkawathira madzi ofunda sindinawazindikire.

Sindinalire. Ndinangomva dothi likugwera pabokosi, ndi apongozi anga akubwereza dzina la mwana wawo. Anyamata amene ankakankhana kuti aone woimba anali ataweramitsa mitu. Woimbayo anagwira fosholo limodzi ndi anzake a pamsika aja, jekete lake lili pansi.

Madzulo anthu anabalalika. Alamu ananyamuka osatsanzika, ndipo za makiyi sanazitchulenso. Apongozi anatenga kadiresi kaja, namuveka Tisa, n'kundipatsa mwanayo m'manja.

"Mayi a Tisa, khalani pano ndi mwana wanu. Mwana wanga watinamiza tonse chifukwa cha manyazi."

M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindapinda. Tisa anavuta kugona. Ankandikoka chitenje kuti ndimuimbire nyimbo ya masiku onse, ine n'kungomusisita kumsana mpaka anatopa.

M'mawa mwake ndinabereka Tisa, ndinatenga bulangeti lija n'kupita nalo kukasupe wa madzi otentha. Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Ndili mkati mochapa, kumsewu kunadutsa minibasi ikuliza nyimbo ija, ndipo mwana anayamba kudumphadumpha kumbuyo kwanga. Ndinaimirira, bulangeti likudontha m'manja, n'kumvetsera mawu onse a nyimboyo mpaka minibasiyo inazimiririka. Kenako ndinawerama n'kupaka sopo kachiwiri.