Chingwe ndi waya pa mabotolo a alamu

Alamu anga ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndi achimwene a mkazi wanga. Akazi awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana anatsala mmodzi, wamkazi, namwino kutauni.

Moyo wawo wonse unathera m'dimba. Linali lalikulu, mabedi makumi anayi kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka pachitsime. Theka anali matimati, kwinako kabichi, anyezi ndi kaloti. Waganyu sankamufuna, ankati waganyu amapalira maso ali kumsewu. Ntchito inkakula nyengo yotentha ikamayamba. Matimati amafuna timitengo ndi kuchotsedwa mphukira, udzu umamera ngati wachita kutumidwa, ndipo pothirira m'mawa pofika masana pamakhala patauma gwa. Makeni awiri othirira anayenda nawo mpaka mapewa anapendekeka.

Ng'ala inayamba diso lamanzere, kenako lamanja. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti mwana wawo akangomva adzabwera kudzawatenga, chifukwa anali atanena kangapo kuti kwake chipinda chilipo. Alamu ankayankha kuti iwo si mbande yoti n'kukawokera pena.

Choncho anaphunzira kulima ndi zala. Mabedi ankawawerenga ndi mapazi. Udzu ndi kaloti ankasiyanitsa pokhudza, nsabwe za m'masamba ankazidziwa tsamba likamanata. M'kanyumba ka zida munali mabotolo awiri ofanana msinkhu, lina la mankhwala a tizilombo, lina la mankhwala opha udzu wa m'tinjira ndi m'mbali mwa mpanda. Zolemba zake sankaziona. Pakhosi pa la tizilombo anamangapo chingwe, pa la udzu anamangapo waya. Ine ndinaziona zimenezi, sindinafunse.

Mwana wawo anabwera Loweruka lina matimati atayamba maluwa. Ndi mwana wabwino, waukhondo. Anachapa zofunda, anakolopa m'nyumba, kenako analowa m'kanyumba ka zida muja. Anataya masaka owola, anapachika makasu, mabotolo anawapukuta n'kuwaika pashelefu. Chingwe chakuda chija ndi waya wadzimbiri anadula n'kutaya kudzala.

Atamaliza anaitana bambo ake kuti aone. Alamu anaima pakhomo n'kuyamikira kuti mwawala.

"Ababa, mankhwala awa muziyamba mwawerenga musanasungunule. Mukuona bwinobwino eti?"

"Ndikuona mpaka imvi zako, mayi. Zafulumira."

Anaseka, nakakwera basi.

Patapita masiku atatu nsabwe zinagwira matimati. Alamu anapapasa pashelefu n'kupeza mabotolo awiri osalala. M'mawa womwewo ine ndinafika kudzabwereka fosholo, ndipo ndinawapeza botolo lili m'manja. Akanangoti alamu tandiwerengerani apa, nkhani ikanathera pomwepo. Pambuyo pake anandiuza kuti anaganiza zotero, koma anakumbukira kuti chimene ndamva ine mlongo wawo wamva, ndipo chimene wamva mlongo wawo foni yamva. Sananame.

Ananunkhiza mabotolo onse awiri, nasankha limodzi. Sanali munthu wopupuluma. Anapopera bedi limodzi lokha la kumapeto n'kudikira masiku awiri. Tsiku lachitatu anakhudza masamba ake, anali olimba. Ndiye anabereka chopopera pamsana n'kupopera matimati onse, mabedi makumi awiri. Otsala m'chopoperamo anathera pa kabichi. Chimene sankadziwa n'chakuti anasankha la udzu, ndipo mankhwala a udzu aja sapha msanga. M'tinjira sankawerengera masiku. Ankangopopera n'kuiwalako, udzu n'kufa pa nthawi yake.

Sabata itatha nsonga zinayamba chikasu. Iwo sanachione. Atamva ndi zala kuti masamba afooka anati ndi dzuwa, nawonjezera madzi. Ankathirira katatu pa tsiku, mapazi ali otupa, munthu wa zaka zimenezo, kusenzera madzi mbewu zakufa kale. Anathirako ndi manyowa.

Anawauza ndi mayi wopikula masamba, amene ankabwera ndi dengu lake Lachinayi lililonse. Anaima pachipata nthawi ndithu osalowa. Kenako anafunsa kuti dimbali alitani. Alamu anati likungofuna madzi, dzuwa lakula chaka chino.

"Agogo, lapsa lonse. Kodi simukuliona?"

Alamu anatula makeni. Anafunsa ngati anyezi apulumuka. Mayiyo anati anyezi ndi kaloti zili bwino. Anamupempha kuti asauze munthu, ndipo iye anavomera, koma dimba lopsa silibisika. Dzuwa lisanapendeke mkazi wanga anali ataimba kale foni.

Mwana wawo anafika Lamlungu. Anawakhazika pabwalo, naima patsogolo pawo n'kuwafunsa kuti wakweza zala zingati. Alamu anati zitatu. Iye anali asanakweze n'komwe dzanja. Atamva za chingwe ndi waya anakhala pachidebe n'kuyamba kulira. Bambo ake anamuuza kuti atonthole, iye anangosesa, wopopera ndi iwo. Anapempha kuti awasiye akolole kaye anyezi. Mwanayo anakana. Anati wosasiyanitsa mabotolo m'dimba mawa sadzasiyanitsa mabotolo m'khitchini.

Ananyamuka Lolemba ndi chikwama chimodzi. Matimati aja ndinazula ndine n'kuwatentha. Anyezi ndi kaloti anakolola mayi wopikula uja.

Pano alamu amakhala kwa mwana wawo, m'chipinda chakumbuyo. Diso lamanja analichita opaleshoni ndipo likuona pang'ono. Lamanzere adokotala akuti anachedwa nalo. M'dimba muja kalipentala wa pamsewu amayanikamo matabwa.