Mpunga wa Yuki

Tinachoka ku Wheaton 9 koloko m'mawa pa 11 Malichi, ine ndi a Endo, nkhalamba ya ku Japan imene ndimaisamalira. Ankafuna kupita kumtsinje wa Potomac, kumene kuli mitengo ya maluwa yochokera kwawo. Ndinawauza kuti maluwa sanaphuke, tikangozizidwa chabe. Anangondipatsa kaphukusi ka nsalu kuti ndinyamule.

Sitima ya pansi inatidya madola asanu ndi kenakake aliyense. Ndinali wokwiya kale, chifukwa amayi anali ataimbanso kuchokera ku Chilobwe. Mchimwene wanga Limbani anakokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy, ndipo thupi lake silinapezeke. Abale ankafuna kuika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake, koma ine ndinkakana. Ndinkati munthu amene sitinamuone mtembo wake sanafe.

Pa Fort Totten panakwera namwino wa ku Zambia. Ataona chitenje changa anaseka. "Amai, muyenda kuti na mudala mu mphepo iyi?"

"Kukaona mitengo yopanda maluwa," ndinatero.

A Endo anali atagona. Njala itandipweteka ndinamasula kaphukusi kaja, n'kupezamo mibulu iwiri ya mpunga. Anthu awiri, mibulu iwiri. Kwathu kamba wa pa ulendo safunsa mwini, choncho ndinadya umodzi. Unali wamchere bwino.

Tinasintha sitima pa Metro Center, n'kutsika pa Smithsonian. Ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka m'mbali mwa madzi cha m'ma 10:30. Mitengo inalibe duwa ndi limodzi lomwe, anthu ochepa. A Endo anamasula nsalu, n'kuyang'ana m'bulu umodziwo nthawi yaitali.

"Winawo unali wa Yuki," anatero.

Yuki anali mwana wawo wamkazi. Tsiku ngati lomweli mu 2011, nyanja inakwera n'kumeza tauni yawo, ndipo iye sanapezeke. Chaka chilichonse a Endo amabwera kudzadya naye pano. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa mandasi anga awiri. Iwo anatenga limodzi, n'kuliika pamwala, n'kuwerama.

"Mwina ali moyo penapake," ndinatero, pofuna kuwatonthoza.

"Ayi. Ndinamudikira zaka zinayi. Nthawi yonseyo sindinamupatse chakudya, sindinamulankhule, chifukwa wamoyo sapatsidwa pamwala. Anali yekhayekha." Kenako analoza ndasi lotsalalo. "Ilo ndi la ndani?"

Ndinalira ngati tili pamaliro kwathu, mokweza, mpaka munthu wina wothamanga anaima. A Endo, amene sindinaonepo msozi wawo, anangodya mpunga wawo pang'onopang'ono.

Pobwerera, tisanalowe pansi pa siteshoni, ndinaimika njinga n'kuimba foni. Kwathu kunali kukuda.

"Amayi," ndinatero, "auzeni amalume akadule nthochi ija."