Chitsamba cha a Gertrudes

A Gertrudes amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu ku Nkholongue. Kale ankaphikira asilikali a pamadzi ku Metangula, ndipo kumeneko mkazi wa mphunzitsi wina anawapatsa mbande ya atemiziya m'chitini. Masamba ake ndi ang'onoang'ono ngati a karoti, kuwawa kwake kumafika m'makutu. Anaibzala kuseri kwa bafa.

Mwana wawo mmodzi yekha anafera m'bwato, malungo, asanafike kuchipatala. Sankaikamba nkhaniyi. Koma mwana aliyense akatentha thupi m'mudzi muno, iwo ankafika ndi kapoto kawo asanaitanidwe.

Mkazi wa mphunzitsi uja anati masamba azingothiridwa madzi otentha. A Gertrudes anaona ngati ulesi. Kwathu mankhwala ndi mizu, ndipo mizu timaibwatitsa mpaka madzi ade. Iwonso ankatero, n'kulawa.

"Akawawa ndiye kuti apsa," ankatero.

Anísio wanga atadwala anali ndi chaka ndi miyezi inayi. Ndinali nditamanga kale nsalu kuti ndikakwere chapa, minibasi yopita kuchipatala, pomwe a Gertrudes anafika ndi kapoto kawo.

"Mwanawe, ukapsereza mwana padzuwa pamzere? Khala pansi."

"Amayi, koma akusanza."

"Wabereka kangati iwe?"

Ndinakhala pansi. Ine kuyankha akulu kumandivuta.

Atamumwetsa mankhwala awo, thupi linazizira masiku awiri, anayamwa, anasekako. Tsiku lachitatu m'mawa maso anatembenuka, manja n'kuuma. A Gertrudes anamulanda, n'kumubereka okha, kuthamanga opanda nsapato mpaka pamsewu.

Kuchipatala, namwino atamubaya jakisoni anafunsa chimene tinamupatsa.

"Ndine ndinamumwetsa," anatero a Gertrudes, natulutsa masamba pachitenje.

Namwino anawanunkhiza. "Amayi, mankhwala a malungo amachokeradi mu mtengo uwu. Koma amawayeza, n'kuphatikiza ndi ena omaliza tizilombo. M'poto simudziwa muli angati, ndipo mukabwatitsa nthawi yaitali mphamvu imachepa. Kuwawa kumatsala."

"Ndiye ana onse aja?" anafunsa a Gertrudes.

"Ena anachira. Uyu matenda anangobisala."

Tinakhala sabata. Tsiku lililonse a Gertrudes ankabwera ndi phala, n'kuimirira pakhomo, osalowa.

Anísio ali moyo. Koma asanadwale ankayenda, tsopano wabwerera kukwawa, ndipo mwendo wamanzere amaukoka. Namwino akuti tidikire. Madzulo ndimamuimika pakati pa miyendo yanga, n'kumusiya pang'ono. Dzulo anaima mpaka ndinawerenga kufika sinko, zisanu, kenako anakhala pansi.