Makina Opera Zotsala ku Zengeza

Ndinafika ku Zengeza, pafupi ndi Salisbury, nkhondo itafika kumafamu a fodya kumene makolo anga ankagwira ntchito. Amalume anandipatsa pogona m'khitchini, koma akazi awo, mayi wa Chishona, ananeneratu kuti nyumba yaing'ono sisunga munthu wopanda phindu. Ndinayamba kunyamulira zida mmisiri wina wamagetsi, ndipo chilichonse chimene ankachita ndinkachiyang'anitsitsa.

Amalume anali khukhi wa mzungu wina ku Salisbury. Posamukira ku Joni, mzunguyo anawasiyira makina a pansi pa sinki, opera zotsala za chakudya kuti zizipita ndi madzi. Anabwera nawo pabasi atawakulunga m'saka.

"Mphwanga, ukawayendetsa amenewa, palibe adzanene kuti umangodya pano," anatero.

Sinki tinalibe, mbale ankatsukira pampopi panja. Amalume anaboola beseni lachitsulo n'kumangirira makinawo kunsi kwake, chidebe pansi. Ine ndinagwira za mawaya. Moto ndinautenga pa soketi imodzi yokha imene inali m'nyumbamo. Waya wofiira ndinamudutsitsa pa swichi, wakuda ndinamulunjikitsa ku soketi yatsopano, wobiriwira ndinamumanga bwino kuti makina asadzagwire munthu. Swichiyo ndinaiika pamwamba, kutali ndi madzi komanso ana.

"Amalume," ndinatero nditayang'ana pansi, "kabokosi ka magetsi kamene anaika a khonsolo m'nyumba muno kamangopereka moto wa mababu ndi ayironi."

"Mzungu ankangodina ndi chala chimodzi. Iwe maliza."

Loweruka masana aneba anadzaza pakhomo kudzaona. Apa m'pamene tinasowa choti tipere. M'nyumba mwathu simunkatsala kanthu: mkute unali kadzutsa wa ana, makoko anali a nkhuku. Amalume anatambasulira dzanja ku mbale ya mkute.

"Sadza rangu kwete," anatero akazi awo m'Chishona pokaniza nsima yawo, n'kuibisa kumbuyo. "Ana adya makinawo mawa?"

Anthu anaseka. Amalume anatuluka n'kutola chitsononkho pabwalo.

"Kwa bwana ankaperamo ngakhale mafupa. Dina."

Ndinadina. Makina anazungulira bwino, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndakhazikika m'tauni. Kenako chitsononkho chinatsakamira, mota inabuula, wailesi inazima. Fyuzi inapsa m'kabokosi kaja, komwe kanali komata ndi mtovu kuti wina asatsegule.

A khonsolo atabwera anatsatira waya wanga kuchokera ku soketi mpaka ku beseni. Anadula magetsi, nati zikadzachitikanso nyumba alanda, poti inali yawo.

Akazi a amalume sanandikalipire. M'mawa mwake ndinangopeza bulangete langa litapindidwa pamwamba pa sutikesi.

Amalume anandiperekeza kokwerera basi.

"Waya wako analibe vuto, mphwanga," anatero basi itafika.

Ndinabwerera kufamu kukamanga fodya. Kukomboni kwathu kunalibe magetsi, ndipo sindinagwirenso swichi. Makina aja ndinamva kuti ankatsekera chitseko cha khola la nkhuku.